Mafunso a Kukhitchini: Saladi ya Chithai Isamafote

Funso: Ndinakonza saladi ya masamba osaphika yofanana ndi ya ku Thailand, yothira sosi ya mtedza. Pofika nthawi yakudya kabichi anali atafota ndipo pansi pa mbale panali madzi okhaokha. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Mayi, sitikukayika kuti sosiyo munathira msanga. Mchere ndi shuga za mu sosi zimakoka madzi m'masamba, ndipo mandimu amafewetsa kabichi. Pakangotha mphindi 20 kapena 30, kukukutika kuja kumayamba kutha. Choncho sosi ndi masamba zizikumana anthu atakhala kale patebulo.

Ya anthu anayi, tengani theka la kabichi wamng'ono, makaroti 2, nkhaka imodzi, tsabola wosawawa wofiira mmodzi ndi anyezi wamasamba 3. Kabichi mudule mopyapyala kwambiri, karoti ndi tsabola mulenge timizere tating'ono. Mukapala karoti pagireta ya mabowo aang'ono amatuluka madzi ambiri, ndiye mpeni ndi wabwino. Nkhaka ndiyo imavuta kuposa zonse: ing'ambeni pakati m'litali, mukokolole njere ndi supuni, chifukwa madzi ambiri amakhala pamenepo.

Viikani kabichi ndi karoti m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 10 kuti zilimbe. Kenako tsanulani madziwo, muyale masambawo pansalu yoyera, muwapukute mpaka aume. Apa ambiri amachita ulesi, koma masamba onyowa sagwira sosi, imangotsetserekera pansi.

Sosi yake ndi iyi: masupuni aakulu 4 a chiponde chosalala, 3 a madzi a mandimu, 2 a sosi ya soya ndi imodzi ya uchi kapena shuga. Onjezani kachidutswa kamodzi ka adyo wosinja, supuni yaing'ono ya jinja wopala ndi tsabola wowawa mmodzi wodula. Lawani musanathire. Ophika a ku Thailand amafuna kuti kuwawasa, mchere, kutsekemera ndi kuwawa kwa tsabola zimveke pamodzi, popanda china chophimba chinzake. Iwo nthawi zambiri amagwiritsa ntchito sosi ya nsomba yotchedwa nam pla ndi shuga wa mgwalangwa. Ngati nam pla muli nayo, yambani ndi supuni imodzi m'malo mwa soya, poti mchere wake ndi waukali. Tinenenso kuti m'saladi yawo yotchuka ya papaya wosapsa, som tam, mumalowa mtedza wokazinga wosinja pang'ono mumtondo, osati chiponde.

Pamwamba wazani theka la kapu ya mtedza wokazinga wophwanya ndi masamba a coriander. Mtedzawo musankhe bwino musanakazinge, ndipo wachuku kapena wonyala mutaye, chifukwa poizoni wa chukuyo satha ndi moto. Funsaninso alendo anu ngati palibe amene mtedza umamudwalitsa, pakuti kwa anthu ena ngakhale pang'ono pokha n'koopsa.

Funso: Ine ndikangothira mandimu m'chiponde chimalimba n'kupanga zibuluma. Kodi chimakhala chawonongeka?

Yankho: Ayi bambo, musataye. Chiponde chili ndi mafuta ambiri, ndipo chikakumana ndi madzi ochepa tizidutswa ta mtedza timamatana, n'chifukwa chake chimauma gwa. Mankhwala ake ndi madzi omwewo. Thirani madzi ofunda supuni imodzi imodzi uku mukutakasa mwamphamvu ndi foloko. Pofika supuni yachitatu kapena yachinayi chimamasuka n'kusalala. Sosi yabwino iziyenderera ikachoka pasupuni, koma isakhale yamadzimadzi.

Mukhoza kuikonzeratu n'kuisunga m'botolo lotseka mufiriji kwa masiku atatu. Ikazizira imalimbanso, ndiye muitulutse mphindi 15 musanadye, muthiremo supuni imodzi ya madzi ofunda n'kukhutchumula botololo.