Ayi, sanagawe ndi nambala iliyonse

Achemwali, mwafunsa kuti akatswiri a masamu adziwa bwanji kuti nambala yaikulu ija imene inapezeka mu 2024, ya madijiti 41,024,320, ndi prime, ndiye kuti yosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mukuti kodi anayesa kuigawa ndi nambala zonse imodziimodzi? Ayi ndithu. Akanatero, makompyuta onse akanatha ntchito, zidzukulu zathu n'kumera imvi, ntchito isanafike n'pakati pomwe.

Chinsinsi chagona pa kapangidwe kake. Nambalayo imapezeka mukachulukitsa pamodzi ma 2 okwana 136,279,841, n'kuchotsera 1. Nambala zotere zimadziwika ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene anamwalira mu 1648. Sikuti zonse ndi prime ayi: ma 2 okwana 11 kuchotsera 1 amatipatsa 2047, koma 2047 ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Ubwino wake n'ngwakuti zili ndi muyeso wakewake, wa Lucas-Lehmer.

Tengani pensulo tiyesere limodzi pa 31, amene ndi ma 2 asanu kuchotsera 1. Yambani ndi 4. Muchulukitse ndi mwini wake, muchotsere 2: mwapeza 14. Chitaninso chimodzimodzi pa 14: mwapeza 194. Gawani ndi 31, musunge chotsala chokha, chomwe ndi 8. Bwerezaninso pa 8: mwapeza 62, ndipo 62 mukagawa ndi 31 palibe chotsala. Basi, 31 ndi prime. Mwaona kuti tayenda katatu? Lamulo lake ndi limenelo: chiwerengero cha ma 2 aja kuchotsera 2. Pa 2047 mungayende ka 9, ndipo pamapeto mutsala ndi 1736, osati 0, ndiye mwadziwiratu kuti imagawika.

Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti muyesowu sukuuzani n'komwe nambala imene ikugawa inzakeyo. Umangonena kuti ilipo kapena palibe. Édouard Lucas, katswiri wa masamu amene dzina lake lili pa muyesowu, anasonyeza mu 1876 kuti ma 2 okwana 67 kuchotsera 1 si prime, koma nambala ziwiri zoigawazo anadzazilemba pa bolodi ndi Frank Nelson Cole mu 1903, patadutsa zaka 27.

Nambala yanuyi anaipeza ndi Luke Durant, yemwe kale ankagwira ntchito ku Nvidia, kampani ya zipangizo za makompyuta, mu Okutobala 2024, kudzera m'gulu la GIMPS lomwe limasaka nambalazi pa intaneti kuyambira 1996. Makina ake anabwereza kamuyeso kathu kaja ka 136,279,839, ulendo uliwonse pa nambala za madijiti mamiliyoni, mpaka chotsala chinatuluka 0. Ndi ya 52 mwa ma prime a Mersenne odziwika.

Kanthu kamodzi mungakatsimikize nokha madzulo ano. Mukamachulukitsa ma 2, dijiti yomaliza imazungulira: 2, 4, 8, 6, kenako 2 kachiwiri. 136,279,841 mukagawa ndi 4 patsala 1, choncho tagwera pa 2. Chotserani 1 uja: chinambala chonsecho chimathera ndi 1.