Failover ikasiya kugwira ntchito mutaika update pa SQL Server

Achimwene, mwati mutaika cumulative update pa maseva anu awiri a SQL Server omwe ali pa Always On (njira yoti maseva azisunga ma database ofanana), failover, kutanthauza kusamukira kwa ntchito pa seva ina imodzi ikalephera, yasiya kuchitika yokha, ndiye mukukayikira kuti update yafufuta zomwe munatchera. Ine ndikukayika. Update siikonda kukhudza zimenezo. Zambiri zimasokonekera pa ntchito yoikayo komanso poyesa pambuyo pake.

Yambani mwatsegula Failover Cluster Manager, mupite pa properties za role ya availability group yanu (gulu la ma database omwe amasamukira limodzi). Pali malo olembedwa Maximum failures in the specified period. Windows imaika chiwerengero cha maseva kuchotsapo chimodzi, pa maola 6. Inu muli ndi maseva awiri, ndiye mwaloledwa kulephera kamodzi kokha pa maola 6 amenewo. Munthu akamaliza update amazimitsa service kuti ayese, failover n'kuyenda bwino. Akayesanso kachiwiri cluster (maseva ogwirira ntchito limodziwo) imakana, database n'kukhala pa RESOLVING, osafikirika, iye mtima m'mwamba. Sikuti chawonongeka china chake, malire ndi amene akwana. Kwezani nambalayo poyesa, kapena dikirani nthawi ithe.

Ngati si zimenezo, onani failover mode. Anthu osamala amaitembenuza kukhala manual asanayambe update, kuopa kuti primary (udindo wa seva yotsogolera) ingasamukire pa seva yomwe update ili mkati. N'zoyenera ndithu, koma ambiri amaiwala kuibwezera pa automatic, makamaka ntchito ikatha usiku anthu ali ndi tulo. Dziwaninso kuti failover yochitika yokha imafuna synchronous commit (primary kudikira kuti seva inayo nayo yalemba data), ndipo database iliyonse pa secondary, seva yodikirirayo, ikhale SYNCHRONIZED, kutanthauza yofanana ndi ya pa primary. Seva ikangodzuka kumene imakhala pa SYNCHRONIZING mpaka itapeza inzakeyo, ndipo ngati data movement ili suspended muyenera kuiyambitsanso nokha.

Witness nayenso musamuiwale, amene amapereka voti yachitatu pambali pa maseva awiriwo kuti cluster ipitirire kugwira ntchito. Ngati file share witness ali pa seva yomwe imalandira update usiku womwewo, mavoti awiri mwa atatu, ya witness ndi ya seva yanu imodzi, akhoza kusowa nthawi imodzi, cluster yonse n'kugwa. Kuyambira Windows Server 2016 pali cloud witness wa pa Azure, ngati intaneti yanu ndi yodalirika.

Ulendo wina yambani ndi secondary, mudikire SYNCHRONIZED, muchite manual failover, kenako muike update pa primary yakaleyo. Musasiye maseva awiriwa pa build zosiyana kwa masiku ambiri. Pakadali pano tiuzeni zomwe Get-ClusterLog (command ya PowerShell yotulutsa log ya cluster) ikuonetsa pa mphindi yomwe failover inakanika, tiunike limodzi.