Kodi dandelion ndi ndiwo? Kuyankha achemwali a ku Leeds

Achemwali ena a ku Leeds, ku England, anditumizira imelo kufunsa ngati masamba a dandelion, kachomera ka maluwa achikasu, amene adzadza pa kapinga kuseri kwa nyumba yawo amadyedwadi, akuti apukwa chisoso ndi luni ndipo sipinachi wa m'shopu wawakwana.

Achemwali, amadyedwa, ndipo ngati luni mumamukonda ndiye mwapeza ndiwo zanu. Koma nkhani yagona pa nthawi yothyola. Malichi mpaka Epulo maluwa achikasu aja asanachuluke masamba amakhala anthete, kuwawa kwake kwapatalipatali, koma mukadikira mpaka Juni amakhala atakhwima ndipo amawawa zoti ana sangayerekeze n'komwe. Thyolani a pakati ang'onoang'ono aja, akuluakulu akunja asiyeni.

Muonetsetse kaye kuti ndi iyeyo. Dandelion masamba ake ndi a manomano opanda cheya, duwa limodzi pa katsinde kamodzi kamphako mkati, mukathyola pamatuluka mkaka woyera. Kuno kulinso ragwort wa maluwa achikasu ambirimbiri pa tsinde limodzi, ameneyo ndi poizoni chonde musamuyandikire. M'mbali mwa msewu ayi, pamene pamakodza agalu ayi, komanso ngati eni nyumba amapopera mankhwala a udzu muwafunse kaye.

Kaphikidwe ine ndimapanga chonchi, ndimatsuka kangapo chifukwa dothi limabisala kunsi, kenako ndimaponya m'madzi owira amchere mphindi 2 kapena 3, madziwo kutaya, masamba kufinya. Apa ndi pamene kuwawa kwambiri kumachoka ndiye musadumphe. Kenako anyezi ndi tomato mupoto, masamba, ndiye nsinjiro pamwamba. Nsinjiro zikasowa chiponde cha m'botolo chopanda shuga chimagwira ntchito bwinobwino, supuni 2 basi mutasungunula m'madzi otentha. Kutendera kumeneku ndi kumene kumaphetsa kuwawa kotsalako, ndipo ndi nsima yotentha eee, mukumbuka kumudzi. Soda musathire, masambawa ndi ofewa kale angosanduka phala. Muthyole ambiri ndithu chifukwa amatha mupoto, kapena muphatikize ndi sipinachi yemweyo poyamba mpaka muzolowere. Agiriki amangowiritsa n'kuthira olive oil ndi ndimu, nzabwino koma kwa ine nsinjiro ndi dilu.

Chimodzi chokha ndikupempheni, masambawa ali ndi vitamini K wambiri ndipo amakodzetsa, ndiye ngati mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena mankhwala a BP okodzetsa aja muyambe mwafunsa dokotala wanu (GP) musanayambe kudya pafupipafupi.