Mafunso Anu: Kulemba sewero la filosofi la mpikisano

Makalata angapo mwezi uno akhudza mipikisano yolemba masewero yomwe imafuna nkhani zatsopano, zolimba mtima komanso za filosofi. Tasankhapo anayi.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Dedza ndipo filosofi sindinaiphunzirepo. Kodi ndiyambe ndawerenga Plato ndi anzake ndisanalembe?

Yankho: Ayi aphunzitsi, oweruza sakuchongani mayeso. Filosofi ya pasiteji ndi funso lomwe anthu awiri anzeru zawo angakanganepo mpaka tambala kulira, aliyense ali ndi mfundo yomveka. "Kodi kuba n'koipa?" si funso lotere, chifukwa aliyense m'holo akulidziwa yankho asanakhale n'komwe pansi. Koma taonani ili: kodi lonjezo lomwe tinapereka kwa munthu amene wamwalira limatimangabe?

Funsolo palokha si sewero, lifunika anthu olisenza. Tinene kuti bambo wamwalira ku Mzuzu. Asanatsirizike, mwana wake wachisamba anamulonjeza kuti akamuika kwawo ku Thyolo, pafupi ndi manda a mayi a bamboyo. Ndalama ili m'nyumbamo ndi imodzi yokha, fizi ya mlongo wake wa Folomu 4, ndipo mayeso a MSCE ali pakhomo. Galimoto ya maliro ikadya ndalamayo, mtsikanayo salemba. Mwinimbumba wafika kuchokera kumudzi, mayi wamasiye ali duu pamkeka, ndipo dalaivala wanena kuti amve yankho isanakwane 5 koloko m'mawa.

Muli zinthu zinayi mmenemo, ndipo muzilembe papepala lapadera musanayambe zokambirana: funso limodzi m'chiganizo chimodzi, anthu omwe likuwapweteka, chimene aliyense ataye akagonja, ndi nthawi yomwe chisankho chiyenera kukhala chitachitika. Chachinayichi ambiri amachiiwala. Popanda dalaivala uja, atengambali akhoza kukambirana mpaka sabata yamawa, oonera n'kumayasamula.

Funso: Chaka chatha ndinatumiza sewero, oweruza n'kulemba kuti "likulalikira". Ankatanthauzanji?

Yankho: Ankatanthauza kuti munayankha funso m'malo mwa oonera. Ambirife tinakulira masewero ophunzitsa za Edzi, ukhondo kapena katangale, omwe uthenga wake umayamba kudziwika nkhani isanapekedwe. Ali ndi ntchito yake, koma mpikisano wa mtunduwu umafuna zina.

Ulaliki umazindikirika mosavuta. Mumakhala mtengambali mmodzi yemwe salakwa, kawirikawiri gogo wodzaza miyambi, ndipo ena onse amangodikira kuti awongoledwe. Kumapeto woipa amagwada n'kulapa, kapena apolisi amatulukira kudzathetsa nkhani yomwe wolemba yamukanika.

Mankhwala ake ndi owawa pang'ono: mfundo yamphamvu kwambiri muipereke kwa munthu amene inu simukugwirizana naye. Ngati mumtima mwanu muli kumbali ya mtsikana wa fizi, mwinimbumba musamusandutse chidempete. Anene zomwe zingakusowetseni chonena inu amene, monga zoti banja likangoyamba kuika anthu ake paliponse pomwe imfa yawapezera, adzukulu sadzadziwanso kwawo.

Miyambi musaitaye, koma isakhale chotsekera pakamwa. Mwinimbumba akati "mawu a akuluakulu akoma akagonera", mtsikanayo amufunse kuti, "Nanga akamagonerapo ine ndikhala ndili kuti?" Pamenepo mwambi wagwira ntchito, chifukwa wautsa mkangano.

Yeserani izinso. Phimbani maina a atengambali ndi pepala, muwerenge zoyankhula zokha. Mukalephera kudziwa amene akuyankhula, ndiye kuti onsewo ndi inu nomwe mwangovala zovala zosiyana. Ndipo paliponse pomwe munthu mmodzi wayankhula mizere yoposa 6 kapena 7 osadulidwa, dzifunseni kuti mnzake akumulekereranji.

Funso: Sewero la mphindi 30 limakhala masamba angati, ndipo ndilikonze bwanji?

Yankho: Muyeso wofala ndi wakuti tsamba limodzi la A4, lotaipidwa ndi zilembo za saizi 12, limatenga mphindi imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Koma mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho musadalire masamba okha. Itanani anzanu, aliyense atenge mbali yake, awerenge mokweza inu muli ndi wotchi, osayankhulapo. Pomwe lilime lawo lapunthwa chongani, pomwe aseka mosayenera chonganinso.

Atengambali akhale 3 mpaka 5, malo amodzi kapena awiri. Sewero lofuna anthu 20, mtsinje wosefukira ndi basi yeniyeni limavuta kulionetsa, ndipo oweruza amaganizira zimenezo ngakhale malamulo asanene. Tsamba loyamba likhale ndi mutu, mndandanda wa atengambali ndi zaka zawo, malo komanso nthawi. Dzina la woyankhula likhale m'zilembo zazikulu, malangizo a pasiteji akhale afupi, onena zooneka ndi maso zokha. "Akukumbukira ubwana wake" wosewera sangazionetse. "Akupinda malaya a malemu kachiwiri" angathe.

Mipikisano yambiri imaweruza osadziwa wolemba, ndiye dzina lanu lisapezeke pamasamba a sewerolo, ngakhale pa dzina la failo. Tumizani ngati PDF kuti mizere isasokonekere, ikani manambala a masamba, ndipo musadikire tsiku lomaliza, poti magetsi ndi netiweki sizidziwa za mpikisano wanu.

Funso: Akati lolimba mtima, ndingafike pati? Nanga likapambana, sewerolo likhalabe langa?

Yankho: Kulimba mtima si kutukwana kapena kutchula anthu enieni maina, zomwe zingakufikitseni kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri. Ndi kufunsa chinthu chimene anthu amachiopa, monga ngati kukhululuka kungakakamizidwe, kapena ngati umunthu umafikanso kwa amene anapha m'bale wako. Gwero lake siliyenera kukhala lakunja: Steve Chimombo anatenga nkhani ya M'bona, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, n'kulembapo sewero la The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978. Mukakhudza zachinsinsi za miyambo, monga za kudambwe, yambani mwakambirana ndi eni ake. Dziwaninso kuti kulemba n'kosiyana ndi kuonetsa: pansi pa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968, kuonetsa sewero pagulu kumafuna chilolezo, ndiye funsani okonza mpikisano kuti adzachitenge ndani.

Za umwini, sewero ndi lanu kuyambira pomwe mwalilemba, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, angakulangizeni zotetezera ntchito yanu. Chofunika kusamala nacho ndi fomu yomwe mukusaina. Ina imangopempha ufulu woonetsa sewerolo koyamba kapena kwa nthawi yoikika, zomwe n'zabwinobwino. Ina imatenga ufulu wonse, kuphatikizapo kulisindikiza, kulimasulira ndi kuliulutsa pawailesi, nthawi zina ngakhale kwa amene sanapambane. Mukaona ndime yotere, lemberani okonzawo kuti akufotokozereni polemba musanatumize chilichonse, ndipo sungani kope lanu lokhala ndi deti.