Chifukwa chake lebulo ya mafuta odzola imangoti "Parfum" osatchula zimene zili m'katimo

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene likukhudza aliyense amene amagula sopo, mafuta odzola kapena chakumwa cha m'botolo. Akuti khungu lawo limatuluka ziwengo akadzola mafuta ena, ndipo dokotala anawalangiza kuti azipewa zonunkhiritsa, koma akawerenga mndandanda wa zosakaniza pabotolo amangopezapo liwu limodzi lokha lakuti "Parfum" kapena "Fragrance". Pa yogati ndi mabisiketi amaonanso mawu onena kuti muli zokometsera zachilengedwe, popanda kutchula kuti ndi ziti. Akufunsa ngati lamulo limalola makampani kubisa zinthu chotere, komanso ngati zachilengedwe zili zosaopsa kuyerekeza ndi zopangidwa m'fakitale.

Lamulo limaloladi, owerenga anga, ndipo limalola pafupifupi kulikonse. Fungo limodzi la perefyumu kapena la sopo limapangidwa posakaniza makemikolo ambirimbiri, nthawi zina oposa 100, ndipo kampani imene yavutikira kasakanizidwe kameneko imakaona ngati chuma chake. Ku America, malamulo a zolembedwa pa katundu amene maziko ake ndi Fair Packaging and Labeling Act ya 1966 salola kuti kampani ikakamizidwe kuulula chinsinsi chake cha malonda, choncho bungwe la boma loyang'anira zakudya, mankhwala ndi zodzoladzola la FDA limavomereza kuti zonsezo zilembedwe ndi liwu limodzi. M'mayiko a mgwirizano wa European Union, lamulo la zodzoladzola la nambala 1223/2009 limalolanso kulemba kuti "parfum" kapena "aroma" basi. Ine chifukwa chimenechi sichinditsimikizira kwenikweni masiku ano, pakuti makampani akuluakulu ali ndi makina a mu labotale otha kulekanitsa ndi kuzindikira zambiri za zimene zili mu perefyumu ya kampani inzawo. Amene amatsala mumdima ndi wogula, makamaka wogula wonga inuyo amene khungu lake limadwala.

Komabe kulola chinsinsi sikutanthauza kuti boma lasiya zonse m'manja mwa opanga. Chimene malamulo amachita ndi kuyang'anira kuseri kwa lebuloyo pogwiritsa ntchito mindandanda: wa zoletsedwa, wa zololedwa pa mlingo wakutiwakuti, ndi wa zoyenera kutchulidwa dzina. Chitetezo chimene wogula amapeza chimadalira amene akusunga mindandandayo ndiponso mphamvu zimene ali nazo, ndipo apa m'pamene mayiko amasiyana kwambiri.

Kwa munthu wa ziwengo, lamulo la ku Ulaya ndi limene lili lothandiza. Mu 2003 kunakhazikitsidwa mndandanda wa zonunkhiritsa 26 zodziwika kuti zimayambitsa ziwengo, monga limonene, linalool, citral, geraniol, eugenol, cinnamal ndi coumarin, ndipo chilichonse mwa zimenezi chiyenera kulembedwa dzina lake pachokha ngakhale chitakhala mbali ya fungo lachinsinsi. Malire ake ndi otsika: pa zinthu zokhalitsa pakhungu, monga mafuta odzola, dzina liyenera kuoneka mlingo ukapitirira 0.001 peresenti, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 100,000, pamene pa zotsukuluzidwa ndi madzi, monga shampu, malire ndi 0.01 peresenti. N'chifukwa chake mukaonetsetsa kumapeto kwa mndandanda wa zosakaniza pa katundu wopangidwira msika wa ku Ulaya, mumapeza mayina angapo achilendo atandandalikidwa pambuyo pa liwu lakuti "Parfum". Mu 2012 komiti ya akatswiri ya SCCS, imene imalangiza akuluakulu a mgwirizanowu, inanena kuti munthu mmodzi mpaka atatu pa anthu 100 alionse ku Ulaya ali ndi vuto la ziwengo zoyamba ndi zonunkhiritsa, ndipo inapempha kuti mndandandawo uwonjezeredwe. Panapita zaka zoposa khumi kuti zimenezi zichitike. Lamulo la nambala 2023/1545 linawonjezera mayina 56, ndipo linapatsa makampani mpaka pa 31 July 2026 kuti katundu watsopano akhale ndi malebulo atsopano, ndi mpaka pa 31 July 2028 kuti katundu wakale achoke m'mashelefu.

Zina sizinangolembedwa dzina, koma zinaletsedwa kotheratu. Mu 2017 European Union inaletsa HICC, imene pa malonda inkadziwika kuti Lyral, pamodzi ndi atranol ndi chloroatranol, chifukwa cha kuchuluka kwa anthu amene zinkawayambitsira ziwengo, ndipo pofika mu August 2021 katundu wokhala nazo sankaloledwanso kugulitsidwa. Lilial, imene inkapereka fungo la maluwa m'zodzola zosawerengeka, inaletsedwa kuyambira pa 1 March 2022 itaikidwa m'gulu la makemikolo otha kuwononga mphamvu yobereka. Onani kuti atranol ndi chloroatranol sizichokera m'fakitale ayi, koma zimapezeka mwachibadwa mu ndere zomera pamitengo, zimene opanga perefyumu akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Mbali yachiwiri ya funso lanu yayamba kale kuyankhidwa pamenepa.

Ku America zinthu zakhala zikuyenda pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri lamulo lalikulu linali la 1938, limene silinkafuna kuti zodzoladzola zivomerezedwe ndi boma zisanapite pamsika, kupatulapo zopatsa mtundu. Mu December 2022 kunabwera lamulo lotchedwa MoCRA, limene linalamula FDA kukonza ndondomeko yolembera mayina a zonunkhiritsa zoyambitsa ziwengo. Chigawo cha California sichinadikire, pakuti mu 2020 chinakhazikitsa lamulo lake lokakamiza makampani kuuza boma la chigawocho za zonunkhiritsa ndi zokometsera zina zoopsa zimene zili m'zodzola zawo.

Pamene boma lili chete, amene amalamulira ndi makampani eniake kudzera m'bungwe la IFRA, limene linakhazikitsidwa mu 1973 ku Geneva. Bungweli limatulutsa miyezo yoletsa kapena kuchepetsa makemikolo ena motsamira pa kafukufuku wa bungwe la RIFM, lomwe linayamba mu 1966. Sindikunyoza ntchito imeneyi, chifukwa kawirikawiri miyezo ya IFRA yakhala ikutsogola boma lisanachitepo kanthu. Koma miyezo imeneyi si lamulo la dziko, imamanga mamembala okha, ndipo ndalama zoyendetsera kafukufukuyo zimachokera kwa eni malonda omwewo. Munthu akakhala woweruza pa mlandu wa m'bale wake, ngakhale ataweruza mwachilungamo, anthu amakhala ndi ufulu wokayikira.

Pa zakudya kusiyana kumeneku kumaonekera kwambiri. Ku Ulaya lamulo la nambala 1334/2008 limayendera mfundo yakuti chokometsera chimene sichili pa mndandanda wa zololedwa sichiyenera kulowa m'chakudya, ndipo mndandandawo, umene unatuluka mu 2012 uli ndi zinthu zoposa 2,000, umadalira kuunika kwa bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya la EFSA. Ku America, lamulo la 1958 linapatula zinthu zimene akatswiri amazidziwa kale kuti n'zosaopsa, zimene mwachidule amati GRAS, ndipo kuyambira mu 1960 gulu la akatswiri losankhidwa ndi bungwe la opanga zokometsera la FEMA ndi limene lakhala likugamula za zokometsera zambiri. Mayiko amene alibe mabungwe akuluakulu ofufuza amadalira kwambiri komiti ya akatswiri ya JECFA ya mabungwe a United Nations oona za chakudya (FAO) ndi za umoyo (WHO), komanso malangizo a padziko lonse okhudza zakudya otchedwa Codex Alimentarius.

Lamulo la 1958 lija lili ndi ndime ina yolimba, yotchedwa Delaney Clause, imene imaletsa chowonjezera chilichonse chimene chapezeka kuti chimayambitsa khansa mwa anthu kapena mwa nyama, mosayang'ana mlingo wake. Mu October 2018 ndime imeneyi inakakamiza FDA kuchotsa zokometsera zopanga zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo myrcene, pulegone ndi methyl eugenol, ngakhale kuti bungwelo linanena lokha kuti pa mlingo umene zinkagwiritsidwa ntchito sizinali zoopsa. Chodabwitsa n'chakuti makemikolo omwewo akachokera ku zomera, monga pulegone wa mu timbewu tina ta mtundu wa mint, chiletsocho sichinawakhudze. Thupi la munthu silisiyanitsa pulegone wa m'fakitale ndi wa m'tsamba, koma lamulo linasiyanitsa.

Mawu akuti "zachilengedwe" pa lebulo amanena za kumene chinthucho chachokera ndi mmene chapangidwira, osati za chitetezo chake. Malinga ndi lamulo la ku Ulaya, kampani ingalembe kuti ndi chokometsera chachilengedwe cha sitiroberi pokhapokha ngati 95 peresenti ya mbali yokometserayo yachokeradi ku sitiroberi, koma ikangolemba kuti chokometsera chachilengedwe, popanda dzina la chipatso, gwero lake likhoza kukhala chomera china kapena tizilombo tosaoneka ndi maso tofufumitsa zinthu. Ndipo zina mwa zinthu zimene malamulo amaziyang'anira mwamphamvu kwambiri n'zachilengedwe ndithu. Coumarin, amene amapezeka wambiri mu sinamoni wa mtundu wa cassia, analetsedwa kuthiridwa m'zakudya ku America mu 1954 chifukwa chowononga chiwindi cha nyama zoyeserapo, ndipo ku Ulaya makeke a mwambo okhala ndi sinamoni sayenera kukhala ndi coumarin wopitirira mamiligalamu 50 pa kilogalamu imodzi. Safrole wa mu mtengo wa sassafras analetsedwa ku America mu 1960. Ngakhale zokometsera za utsi, zopangidwa potentha nkhuni zenizeni, zinagwa mu 2024 pamene European Union inakana kuwonjezera zilolezo za mitundu isanu ndi itatu, bungwe la EFSA litanena kuti silingatsimikize kuti siziwononga chibadwa cha maselo.

Nanga inuyo muchite chiyani? Kupewa "zonunkhiritsa" zonse n'kovuta, choncho chofunika ndi kudziwa dzina lenileni la chimene chikukuvutitsani. Madokotala a khungu ali ndi njira yoyezera imene amamata tizigamba tokhala ndi makemikolo osiyanasiyana pamsana kwa masiku awiri, kenako n'kuona pamene patupa, ndipo zotsatira zake zimakupatsani mayina amene mungayerekeze ndi a pa lebulo. Thupi likayamba kudana ndi kemikolo inayake, kawirikawiri limadana nayo moyo wonse, ndipo mlingo wochepa kwambiri umakwanira kudzutsa ziwengo. Musakhulupirire msanga mawu akuti "unscented" (chopanda fungo), chifukwa katundu wotero akhoza kukhala ndi chonunkhiritsa choikidwa kuti chiphimbe fungo la zosakaniza zina, ndipo mawu akuti "hypoallergenic" (chosayambitsa ziwengo kawirikawiri) alibe tanthauzo lokhazikitsidwa ndi malamulo a boma la America. Dziwaninso kuti limonene ndi linalool zikakumana ndi mpweya kwa nthawi yaitali zimasintha n'kuyamba kupweteka khungu kwambiri, motero botolo lakale lotsekulidwatsekulidwa likhoza kukuvutitsani pamene latsopano silinakuvutitseni. Katundu wa dzina limodzi akhozanso kukhala ndi malebulo osiyana malinga ndi msika umene anapangidwira, choncho ngati pabotolo lanu pangolembedwa "Parfum" popanda mayina ena, zimenezo sizikutsimikizira kuti mulibe zoyambitsa ziwengo. Zikatero lemberani kampaniyo, mutchule dzina la kemikolo limene dokotala wakupatsani, ndipo muwafunse funso limodzi lokha lakuti ilimo kapena mulibe, chifukwa funso lotere angathe kuliyankha popanda kuulula kasakanizidwe kawo konse.