Katundu wolemera pa njinga yamoto m'misewu yafumbi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene njinga yanu imapepukira kutsogolo mukasenza mbatatesi kuchokera ku Tsangano. Vuto si kulemera kokha ayi, koma pomwe mwamanga thumbalo. Likakhala kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, tayala lakutsogolo limangoyandama, ndipo pokwera kapena pamchenga mahandulo amakuthawani. Likokereni pafupi ndi msana wanu, lisatalike m'mwamba, mulimange zolimba ndi mphira kuti lisamagwedere.

Pamtsetse katundu amakankha njinga. Tsikani ndi giya yaing'ono, buleki yakumbuyo pang'onopang'ono. Yakutsogolo mukaifinya pamatope, mwagwa basi. Ine zinandichitikirapo dzinja lina, mbatatesi mbwee mpaka m'ngalande, ana akuthandiza kutola uku akuseka. Tayala lakumbuyo muzilipopanso mpweya wokwanira mukasenza chonchi.