Za 5.1 pa DVD ya kwaya, samalani ndi chanelo cha pakati

Achimwene, mwafunsa momwe mungaikire mawu a 5.1 (machanelo 6: masipika asanu ndi subwoofer, sipika ya mawu a bass) pa DVD ya kwaya yanu, komanso za menyu ndi chikuto. Za menyu ena akuyankhani kale. Ine ndikamba za mawu okha, chifukwa ndi pomwe ndinapsa nazo.

Choyamba, munajambula ndi chiyani? Ngati ndi maikolofoni a pakamera okha, zomwe muli nazo ndi stereo basi. Akulu ena amene akuuzani kuti "ingodinani upmix" andikhululukire, koma upmix imangomwaza mawu omwewo m'masipika onse, kwaya n'kumamveka ngati ikuimbira m'bafa. 5.1 yeniyeni imafuna kuti mukhale ndi mawu osiyana: ochokera pa mikisa, ndi maikolofoni ena kumbuyo kwa holo.

Ine ndinachita zonsezo pa ukwati wa msuweni wanga. Nthungululu ndinaziika m'masipika a kumbuyo, kwaya ndi kibodi kumanzere ndi kumanja, ulaliki ndi malumbiro pa chanelo cha pakati monga amachitira m'mafilimu. Kunyumba kwanga pa home theatre zinali zokoma zedi. Kwa apongozi ake ndiye kunali manyazi. DVD player yawo inali ndi mabowo 6 a mawu kumbuyo, iwo analumikiza zingwe ziwiri zokha ku TV, chofiira ndi choyera, ndipo mu setup downmix, yomwe imasakaniza machanelo onse kukhala awiri, sinali pa stereo. Anthu adzaza pabalaza, ana akhala pamkeka, mkwati milomo ikugwedera koma mawu zii, kumangomveka kibodi chapansipansi. Agogo ake mpaka anafunsa ngati mnyamatayo analumbiradi. Madisiki onse ndinawotchanso ndi ndalama zanga.

Kuyambira pamenepo ndimaika ma track awiri a mawu. DVD imalola mpaka 8, ndiye malo alipo. Loyamba likhale la stereo, chifukwa ndi lomwe limayamba lokha munthu akangoika disiki. La 5.1 likhale lachiwiri, amene ali ndi masipika ake alisankhe yekha ndi batani la Audio pa rimoti. Ogula DVD ya kwaya ambiri adzaionera pa TV wamba, musaiwale.

Pa manambala, gwiritsani ntchito mtundu wa mawu wa AC-3, womwe ndi Dolby Digital, pa 48 kHz. Ngati nyimbo zinachokera ku studio pa 44.1 kHz ya CD, zisintheni kaye. 5.1 muiike pa 448 kbps, ndiye malire a DVD, stereo pa 192 ndi yokwanira. DTS, mtundu wina wa mawu, isiyeni, imadya malo ndipo si player iliyonse imaiwerenga. Mukamapanga fayilo ya WAV ya machanelo 6, ndondomeko yake ndi L (kumanzere), R (kumanja), C (pakati), LFE (ya subwoofer), Ls, Rs (za kumbuyo). Mukasemphanitsa C ndi LFE, wotsogolera nyimbo wanu alowa mu subwoofer, azingomveka kung'ung'udza. Chinanso, player ikamasakaniza 5.1 kukhala stereo, LFE imatayidwa. Choncho ng'oma ndi bass gitala musazisiye kumeneko kokha, zikhalenso kumanzere ndi kumanja.

Musawononge ndalama pa mapulogalamu a madola mazana angapo. ffmpeg ndi yaulere ndipo imapanga AC-3 ya machanelo 6 bwinobwino, DVDStyler nayo ndi yaulere ndipo imalandira ma track angapo. Ngati ena akukuuzani za pulogalamu ya Adobe Encore, inathera pa CS6, musavutike kuisaka.

Muwerengenso malo. Disiki wamba ndi 4.7 GB. Ngati konsati yanu ndi ya maola 2, chithunzi ndi mawu pamodzi zisapitirire kwambiri 5 Mbps, ndipo ma track awiri aja atenga kale 640 kbps, ndiye chithunzi chikhale cha m'ma 4.3 mpaka 4.5 Mbps. Zikakuvutani gawani madisiki awiri, kusiyana n'kufinya chithunzi mpaka nkhope za oimba kusweka timabokosi.

Musanawotche mulu wonse, wotchani imodzi pa liwiro lotsika, 4x kapena 8x, mukaiyese pa player yotchipa kwambiri yomwe mungabwereke kwa aneba, yolumikizidwa ndi zingwe ziwiri zija. Kompyuta musaikhulupirire, imasewera chilichonse. Ndipo muonetsetse kuti mtundu wa chithunzi mu pulojekiti uli pa PAL, 720x576, osati NTSC.